Dzanja la a Rosária pa meza ya mkamwini

Kwa zaka zingapo, munthu wa ku Nsendeza ankatha kudziwa kuti a Rosária akubwera m'njira ya kudimba ngakhale asanawaone. Chizindikiro chake chinali mwamuna wovala bata, mkanjo woyera wa kuchipatala, akudumpha ngalande n'kulowa m'chimanga cha eni. Ameneyo anali Abílio, enfermeru, namwino wa pa posito yathu ya zaumoyo, ndipo a Rosária ndi apongozi ake. Abílio ankanjuta pakati pa mizere, nkhope italoza kuphiri la Domwe, n'kuomba m'manja. A Rosária ankadutsa atayang'ana mbali inayo, khasu lili paphewa, n'kupereka moni kwa mtengo uliwonse umene unali pafupi.

"Mwadzuka bwanji kumeneko?"

"Tadzuka, amayi, kaya inu," chinkayankha chimanga.

Ana a eskola akaona zimenezi ankagwa nako kuseka. Ndinkawadzudzula, koma mofewa, podziwa kuti anyamata omwewo tsiku lina adzadumphanso ngalande zawo. Abílio anadutsa m'kalasi mwanga ali kamnyamata kosamala makaderno olembamo kuposa malaya. Cacilda, mkazi wake, yemwe ndi mwana womaliza wa a Rosária, anabwera pambuyo pake, kamtsikana kachete kolemba bwino.

Kuno mkamwini ndi amake a mkazi wake amathawana. Sayang'anana kumaso, sakhala pamphasa imodzi, satchulana mayina, ndipo za kukhudzana ndiye sizinenedwa n'komwe. Kuthawanaku kumatha mwana woyamba akabadwa. Apongozi amagwira tambala n'kupita naye kwa mkamwini abale akuona, ndipo kuyambira tsiku limenelo awiriwo amapatsana moni wa m'manja. Midzi ina inasiya kusamala zimenezi. Ku Nsendeza ayi. Kwathu amati akakhudzana tambala asanaperekedwe, mimba ya mwana wamkaziyo imatsekeka. Ndipo Cacilda ndi Abílio anali atakhalitsa m'banja popanda mwana.

A Rosária si munthu womvera chilichonse chimene anthu anena. Anabadwira kufupi ndi Fonte Boa, ndipo pa eskola ya ansembe ya ku misawu sanakhalitsepo, poti bambo awo anawatulutsa kuti akawete mbuzi. Kuwerenga anapitiriza okha ndi buku la nyimbo za pa Misa. Nkhondo itafika kuno anawoloka malire mwana ali kumbuyo, wina ali m'mimba, n'kukakhala ku Dedza pamalo obwereka. Kumeneko anaphunzira kusankha mbewu ya kachewere ndi kulimbana ndi ogula opanda chifundo. Mtendere utabwera, iwo ndi amuna awo a Bonifácio anapeza munda utasanduka thengo. Anazula zitsa, analima, anakolola, mpaka anagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo.

A Bonifácio atamwalira, abale a kuchimuna anakhala pansi n'kugwirizana kuti ng'ombezo zipite kwa mng'ono wa malemu, a Alcides, chifukwa mkazi sayendetsa ngolo. Pabwalopo a Rosária anangodzuka n'kupita kwawo. M'mawa mwake anamanga ng'ombe m'goli okha, anakweza masaku a kachewere, n'kudutsa pakati pa mudzi atakhala pamwamba pa katundu, mpango wakuda wa maliro uli kumutu. A Alcides anatuluka n'kuima pakhomo pawo.

"Alamu, mugwetsera ngoloyo mumtsinje!"

"Ndikagwetsa mudzabwere kudzatola kachewere, alamu. N'zimene mumatha."

Anakagulitsa ku msika wa ku Domwe n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Nkhani ya ng'ombe sinadzukenso. Awiriwo amanyogodolana mpaka lero, ndipo m'mudzi muno palibe amene amafulumira kuthandiza a Rosária kuposa a Alcides.

Koma za upongozi a Rosária ankazisunga mosaphonya. Pa ukwati wa Cacilda anadyera kuseri kwa nyumba. Abílio akabwera kudzafolera nkhokwe yawo, iwo ankakhala kudimba tsiku lonse. Nthawi ina ndinawafunsa kuti munthu amene anakanira mudzi wonse pa za ng'ombe amathawiranji mnyamata wofatsa ngati uja.

"AProfesora, ng'ombe zinali zanga," anatero. "Ndikanataya, ndikanataya zanga. Izi n'za mwana wanga. Sindingasewere ndi mimba ya Cacilda."

Matenda anayamba nthawi yokumba kachewere wa kudimba. Akawerama pamzere, mtima unkayamba kuphiriphitha m'chifuwa ngati mbalame yolowa m'nyumba mwangozi n'kusowa potulukira. Maso ankachita mdima, mpweya unkachepa. Nthawi zina akakhala pansi pang'ono zinkatha, nthawi zina zinkawagwira mpaka dzuwa kupendeka. Mapazi anayamba kutupa, moti nsapato za pa Misa zinasiya kulowa.

Cacilda anawakweza chapa, minibasi ya kuno, kupita nawo ku chipatala cha ku vila, tauni ya Ulongwe. Tsiku limenelo mtima unali phee. Amene anawayeza anagwira dzanja, anamvetsera pachifuwa, osapeza cholakwika. Anawauza zoona, kuti matenda obwera n'kupita amagwidwa pamene abwera, choncho zikadzayambanso athamangire ku posito yapafupi.

"Mtima wangawu ndi waulemu," anatero a Rosária atatsika chapa. "Ukafika ku vila umavala kazako, jekete la mabwana, n'kukhala bwinobwino. Umachita mwano kumudzi kuno."

Posito yapafupi ndi yathuyi, ndipo enfermeru wake ndi mmodzi. Mzamba amene analipo anali atasamutsidwa, wina asanabwere. Panatsala Abílio ndi a Elsa, serventi, amene ntchito yawo ndi kukolopa, kuwiritsa zitsulo ndi kuitana odwala.

Nzeru inachokera kwa Cacilda. Anatenga kapulana yake yatsopano ya maluwa achikasu, anamanga chingwe pakati pa chipinda choyezera, n'kuipachika pamenepo. A Rosária ankakhala mbali ya kukhomo, Abílio mbali ya kuzenera, a Elsa n'kuima pamapeto pa nsaluyo kuti azinyamula mawu.

"A Elsa, afunseni amayi ngati mutu ukuwawawa."

"Akuti mutu ukukuwawani?"

"Auzeni kuti ndamva ndekha, kapulana si khoma. Mutu uli bwino. Ndi mtimawu."

A Elsa ankamanga lamba wa makina a tensawu, oyezera kuthamanga kwa magazi, pamkono wa a Rosária n'kudina. Makinawo ankaonetsa nambala ina, akabwereza ankaonetsa ina yotalikirana nayo, kachitatu ankangophethira osanena kanthu. Anasintha mapilya, mabatire ake, koma sizinasinthe. Pamkono wa wodwala wotsatira makina omwewo ankagwira bwino.

Abílio ankadziwa kuti makina oterewa amasokonezeka mtima ukasiya kugunda mofanana. Koma kuganizira si kupeza, ndipo mankhwala a mtima saperekedwa mongoganizira. Anayesa kubwereka zala za a Elsa.

"Ikani zala zitatu m'munsi mwa chala chachikulu, pamene dzanja lakumana ndi mkono. Musakanikize kwambiri. Mukuumva?"

"Ndikuumva."

"Ukugunda bwanji?"

"Ukugunda."

"Ukugunda motani, a Elsa? Mofanana? Ukudumpha? Mwamphamvu kapena mofooka?"

"Iii, aenfermeru, ine ndimakolopa. Ukugunda ngati wa munthu wamoyo."

A Rosária ankabwerera kwawo ndi malangizo ochepetsa mchere ndi kupuma, zimene anali atazimva kale ku vila. Kutupa kunakwera mpaka m'miyendo.

Abílio anamuuza mkazi wake kunyumba kuti sangawathandize amayi popanda kuwagwira dzanja iye mwini. Tsiku lotsatira Cacilda anatseka baraka yake yogulitsiramo sopo ndi mchere, n'kubwera kwa ine ana atangoweruka. Anakhala pa banku ya kutsogolo, pamalo pamene ankakhala ali mwana.

"AProfesora, amayi ndimawakonda. Koma ndikafika kuchitsime anthu amasiya nkhani. Anzanga amene ndinkakhala nawo muno, ana awo ali kale muno. Amuna anga akawagwira dzanja, ine ndatha. Ndipo anthu adzati amutseka ndi amake omwe."

Ndinamuuza kuti pa zaka zanga zonse sindinaonepo mimba yotsekedwa ndi zala zitatu za enfermeru.

"Inu simunaione," anatero akupukuta misozi. "Ndiye woyesera ndikhale ine?"

Anadzuka n'kupita kwawo. Abílio anamulonjeza kuti adikira mzamba watsopano, kapulana inakhalabe pachingwe, ndipo mvula inayamba.

Mvula ya chaka chimenecho inakokolola mlatho wamatabwa wa pamsewu wathu, machapa anasiya kufika ku Nsendeza. M'mawa wina ndinali pa banku ya panja pa posito, kudikira mankhwala anga a tensawu pamodzi ndi amayi a ana ndi madala angapo okhosomola. Kunkawaza. Tinamva mabelu a ng'ombe, kenako ngolo ya a Rosária inatulukira ikuthamanga, koma woyendetsa anali a Alcides. Eni ake anali atagona pamasaku opanda kanthu, milomo itatuwa, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira chonchija. Anali atagwa m'munda akubandira chimanga.

"Alamu, ng'ombe zanga sazimenya choncho," anatero ndi mawu otsika pamene tinkawatsitsa.

"Khalani chete, alamu. Mufere m'katimo, osati m'ngolo. Anthu anganene kuti ndakuphani ndine kuti nditenge ng'ombe."

Anaseka pang'ono, mpweya n'kuwathera. A Alcides iwo sanaseke.

Cacilda anafika akuthamanga, opanda nsapato. Analowa n'kukoka kapulana pachingwe kuti itseke bwino mbali zonse. M'chipwirikiticho palibe anakumbukira kutseka chitseko, choncho ife a pa banku tinkaona zonse. A Elsa anamanga lamba, makina anaphethira osanena kanthu. Anamanganso, chimodzimodzi. Anaika zala pamkono monga anawaphunzitsira.

"Uli apa... wasowa... wabweranso. Aenfermeru, ine sindikudziwa chimene ndikumva."



"Itanani ambulansiya, mwana iwe!" anakuwa a Alcides.

"Ikhoza kufika kutsidya kwa mtsinje," anayankha Abílio, mawu ake akuchokera kuseri kwa maluwa achikasu. "Koma adzandifunsa chimene ndapeza, kuti adziwe chobwera nacho ndi chokonzekera. Ndiwauza chiyani? Sindinapeze kanthu. Ndikungoona kapulana."

A Rosária anali atatsamira khoma, maso atatseka. Anawatsegula.

"A Elsa, afunseni aenfermeru. Ndikadikira kuti zithe zokha ngati masiku onse, chingachitike n'chiyani? Anene zoona, ine si mwana."

Abílio sanadikire kuti a Elsa anyamule mawuwo.

"Ngati ndi chimene ndikuganiza, amayi, magazi akhoza kuundana mumtima n'kupita kumutu. Munthu amafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa n'kupotoka. Kapena amapita. Sizinena tsiku."

A Rosária anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa katundu pamsika. Anagwira phewa la a Elsa n'kuimirira. Anatambasula dzanja, anafumbata kapulana pakati, n'kukoka kamodzi. Chingwe chinaduka, msomali unagwera pansi n'kugubuduzika mpaka pakhomo. Abílio anatembenukira kukhoma nthawi yomweyo, monga ankachitira m'chimanga.

"Amayi!" analira Cacilda.

"Alamu, mwapenga? Tambala sanaperekedwe!"

"Tambala ali m'khola, alamu, ndipo akupuma bwino kuposa ine."

Anakhala pampando wa odwala mwamphamvu, anapuma kangapo, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Cacilda, mwana wanga, tamvera. Munthu uyu ndamuthawa zaka zonsezi. Ndapereka moni kwa mitengo. Pa ukwati wako ndinadyera kuseri ngati mlendo wosaitanidwa. Sindinaphonyepo ngakhale kamodzi. Mwana wabwera? Sanabwere. Ndiye chomutsekereza si dzanja langa. Ndikafa lero, ukhala wopanda mwana, ukhalanso wopanda mayi. Ndikakhala moyo, anthu anene ine. Pakamwa pawo ndinapazolowera kuyambira pa ng'ombe."

Cacilda anaphimba nkhope ndi manja. A Rosária anakwinya mkono wa buluza, n'kuika dzanja chagada pa meza, tebulo la enfermeru, matope a kumunda akadali m'zikhadabo.

"Abílio."

Pa banku pathu mayi wina anati "Mayo!" Kunali koyamba kuti dzinalo lituluke pakamwa pawo.

"Abílio, tembenukani. Kumudzi ndinu mkamwini. Muno mwavala bata. Gwirani ntchito imene munaphunzira."

Abílio anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana mkazi wake kaye, koma Cacilda anali ataphimbabe nkhope. Anapita pa beseni, anasamba m'manja, anapukuta, n'kukhala pampando wake. Kumaso kwa apongozi ake sanayang'aneko. Anavula relojo yake, wotchi ya pamkono, n'kuiika pa meza, anatambasula dzanja lamanja, n'kuika zala zitatu pamkono wa a Rosária, m'munsi mwa chala chachikulu. Chala chake chachikulu anachisiya kuseri kwa mkono, poti chimenecho chimagunda pachokha ndipo chimanamiza woyeza.

Zala zinkanjenjemera, tonse tinaona.

"Akunjenjemera ndani, ine kapena inu?"

"Ndine, amayi."

"Lekani. Mungawerenge mtima wanu m'malo mwa wanga."

Madala a pa banku anaseka chamumtima, ndipo mwina kusekako n'kumene kunamuthandiza. Anapuma mozama, zala zinakhazikika, maso anapita pa relojo. M'chipindamo munangomveka mvula pamalata. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Manyazi anachoka, panabwera nkhope imene ndinkaidziwa kale, ya mwana amene funso lovuta layamba kumutsegukira. Anadikira nthawi yaitali, osafulumira. Anasiya dzanja limenelo n'kupempha linalo. Kenako anaika chomvetsera chake m'makutu, anachikhazika pachifuwa pamwamba pa buluza, zala zili pamkono pomwepo.

Pambuyo pake anandifotokozera chimene anamva. Anati kunali ngati chimanga chikutayika m'saku yobooka: njere zingapo nthawi imodzi, kenako zii, kenako imodzi yofooka, kenako yamphamvu, popanda dongosolo lililonse, ndipo zonsezo mothamanga. Kugunda kwina kumene ankakumva pachifuwa sikunkafika n'komwe kudzanja. Chimenecho makina sakanachinena, ndipo a Elsa sakanadziwa dzina lake.

Anachotsa zala, anatenga telefoni, n'kuyamba kulankhula Chipwitikizi mofulumira, mosakayika. Atamaliza anaimirira.

"Akubwera. Atipeza kutsidya. A Alcides, tipeze amuna amphamvu ndi chitseko."

"Ndi chomwecho munkaganizacho?" anafunsa a Rosária.

"Ndi chomwecho, amayi. Koma tachigwira chili pomwepo."

Anawaolotsa mtsinje atagona pachitseko cha nyumba yosungiramo nkhuni. A Alcides anali kutsogolo, madzi ali m'chifuwa, akudandaula njira yonse kuti munthu wodwala sayenera kulemera chonchi. Abílio anayenda m'mbali, bata itanyowa, zala zili pamkono wa apongozi ake mudzi wonse ukuonera pagombe. Cacilda anakwera nawo ambulansiya, koma a Elsa anandiuza kuti anakhala kumapazi.

Ulendo uno mtima sunavale kazako. Ku Ulongwe anaupeza ukuchita mwano womwewo, makina awo anaujambula papepala, ndipo adotoro anatsimikiza zimene zala za Abílio zinapeza. A Rosária anagonekedwa masiku angapo. Anabwerako ndi mankhwala akumwa tsiku lililonse ndi lamulo loti dzanja lawo lizigwidwa pafupipafupi pa posito, kuti zikasintha zidziwike msanga.

Anapeza mudzi ukuwira. Kuchitsime nkhani inali imodzi. Amayi ena anasiya kugula mbewu ya kachewere kwa iwo, ati dzanja lotseka mimba lingatsekenso munda. Mayi wina wachikulire anawauza pamaso kuti anagula moyo wawo ndi zidzukulu zawo.

"Zidzukulu zake ziti?" anayankha a Rosária. "Mwaziona kuti, mundisonyeze, ndikazitenge?"

Chimene chinawapweteka ndi cha Cacilda. Mwanayo ankawatumizira nkhuni ndi ndiwo, koma pakhomo pawo sankapondapo. Pa Misa ankakhala mbali ina. A Rosária sanapite kukapepesa. Ndinawapeza tsiku lina akusankha mbewu pakhonde, ndipo ndisanafunse anati: "Ndikapepesa ndiye kuti ndavomera kuti ndinamutseka. Akhulupirira, ndipo asiya kufunafuna. Bola andikwiyire."

Lamulungu lina Misa itatha anapita kwawo, analowa m'khola, n'kutuluka ndi tambala wofiira m'khwapa. Sanadzere njira yachidule ya kuseri kwa minda. Anadzera pakati pa mudzi, momwe anadzera ndi ngolo kale lija, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mpweya. Anthu anatuluka m'makomo.

"Alamu, tambala ameneyo saperekedwa mwana asanabadwe," anatero a Alcides atawatsekera njira. "Ine sindikhala mboni ya zimenezi."

"Tambala ndi wanga, mkamwini ndi wanga. Patukani."

Anapatuka. Kenako anawatsatira kumbuyo, akuuza aliyense kuti akungofuna kuona ngati agwenso.

Abílio anali pakhonde la nyumba yake. Atawaona anadzuka, miyendo n'kufuna kumutengera kuseri mwa chizolowezi, koma anaima. A Rosária anamupatsa tambala ndi manja awiri, kenako anatambasula dzanja. Anapatsana moni. Cacilda anali ataima pakhomo, atapinda manja pachifuwa.

"Ndabwera ndi tambala, ndabweranso ndi mawu," anatero a Rosária mokweza, kuti a kumsewu amve. "Ine ndinaika dzanja langa pa meza mudzi wonse ukuona, ndipo chimene chinkandidya chinapezeka. Inu awiri mwakhala zaka mukuyang'ana tambala ndi kapulana. Pitani ku Ulongwe mukayezedwe. Nonse awiri, Abílio. Musangotumiza mwana wanga ngati vuto limakhala kwa mkazi yekha."

Abílio, amene tsiku lililonse amatumiza anthu kukayezedwa, anayang'ana pansi. A Alcides anakhosomola.

"Mwamva, aenfermeru? Lero odwala ndinu."

"Ndamva," anatero Abílio. "Tipita."

Cacilda anatsika pakhonde. Anatenga tambala m'manja mwa mwamuna wake n'kupita naye kuseri kwa nyumba. Tinamva mapiko akukupiza, kenako bata. A Rosária anadikira pang'ono, anakonza mpango wawo, n'kutembenuka kuti azipita. Atafika pampanda mawu anachokera kuseri.

"Amayi, mukupita kuti? Ndani andithandize kusosola?"

Tsiku limenelo anadyera pamphasa imodzi. A Alcides, amene sanali mboni, anadya chiwalo chachikulu.

Pamene ndikulemba izi mwana sanabwere. Ku Ulongwe anapita onse awiri, ndipo amapitabe. Zimene amauzidwa kumeneko n'zawo. Ku Nsendeza alipobe amene amati chinalakwika ndi dzanja lija, ndipo mwina adzanenabe choncho mpaka kale. Cacilda masiku ena amaseka, masiku ena amadutsa pa eskola osayang'ana kubwalo kumene ana akusewera. Koma madzulo amapita kwa amake kukaona ngati amwa mankhwala.

A Rosária achepetsa munda, koma ngolo amayendetsabe okha. Chimanga cha m'mbali mwa njira ya kudimba sichipondedwanso. Akakumana ndi Abílio amaima pakati pa njira n'kukambirana za mtengo wa adubu, feteleza wa m'munda. Mlungu uliwonse amamangirira ng'ombe pamtengo wa panja pa posito, n'kulowa atavala kapulana ya maluwa achikasu ija, yong'ambika pakona pamene panali msomali. Cacilda anaifuna, iwo anakana.

Mlungu wathawu ndinali pa banku pomwepo. A Elsa atawaitana anafuna kutseka chitseko, a Rosária n'kuchigwira.

"Chisiyeni."

Mayi wina pafupi nane ananong'oneza mnzake. A Rosária anamva, anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Senderani pafupi, anzanga, muone bwino. Mukafika kuchitsime mukanene zimene mwaona ndi maso."

Anakhala pampando, anakwinya mkono wa buluza, n'kuika dzanja pa meza. Abílio anavula relojo.